Kamera ya Miyendo Itatu pa Ngolo ya Zakeyu

MUTU 6

1. Lole ya ku Fort Jameson

Yoweli, mwana wa mlongo wanga, anabadwa ndi makutu awiri abwinobwino, koma ntchito yawo inali yongogwiriza chipewa kuti chisatsetserekere m'maso. Ine Olipa, azakhali ake, ndinali nditatopa naye kale lole ija isanafike n'komwe.

Chinali chaka cha 1956, mtedza titakumba. Yoweli anali atamaliza Sitandade 6 ku mishoni, ndipo khasu ankaliyang'ana ngati linamutukwanira amake. Ukamutuma kudimba, mwendo unkamupweteka. Kukamveka galimoto kumsewu, mwendo womwewo unkachira.

Alangizi a zaulimi anakonza chionetsero pabwalo la sukulu ku Zingalume. Kunali chimanga, mtedza, makasu a ng'ombe, koma chimene chinasonkhanitsa anthu ndi mpikisano wa ngolo, wothamanga maulendo awiri, woyamba ndi wotsiriza. Ndiye pa lole yochokera ku Fort Jameson panabwera a Manase Sakala, munthu wojambula bayisikopo, kuti ajambule mpikisanowo ndi kukaonetsa m'midzi ina.

Yoweli anawakakamira ngati nthata. Bokosi akufuna kunyamula, iye wanyamula kale. Madzi asanapemphe, iye wafika ndi chikho. Ine amene ndinamubereka kumsana sanandipatsepo madzi osapempha.

M'mawa wa tsiku la mpikisano a Sakala anamuitana.

"Mnyamata iwe, ndikufuna wophunzira ntchito. Msana wangawu sulolanso kukwera ngolo yothamanga. Lero ukwera ndiwe. Ukandibweretsera chithunzi chooneka, mawa ukwera nane lole, ndikakuphunzitse ntchito. Chikapanda kuoneka, ndikafuna mnyamata wina ku Pembamoyo. Wamva?"

"Ndamva, bambo!"

Sanamve. Anangomva "lole" basi.

2. Ziwiri pa thumba

A Sakala anayala thumba pansi pa mtengo wa mango n'kuikapo makamera awiri. Anthu tinaunjikana.

Yoyamba inali chinthu chochititsa kaso. Yaikulu, yakuda bii, yonyezimira, diso lake lalitali ngati nyanga ya ng'ombe, ndipo inkaima pa miyendo itatu ya mtengo. Yachiwiri inali kakang'ono kosupukasupuka utoto, kadiso kafupi, ndi lamba wachikopa wakuda ndi thukuta. Ukanakapeza panjira ukanakaponda.

"Imodzi ukwera nayo iwe, inayo ndijambulira ine pano pabwalo," anatero a Sakala. "Usankha wekha. Koma uyambe wamvetsera.

"Yaikuluyi ndi yabwino, sindikana. Diso lakeli limakoka chinthu chili kutali n'kuchibweretsa pamphuno pako. Koma limakokanso kugwedera. Dzanja likangonjenjemera pang'ono, pa nsalu yoonetsera dziko lonse limavina, oonera n'kuchita chizungulire. Imafuna pansi pouma, miyendo yake itatu itakhazikika, iwe manja onse awiri ali pa iyo. Ndiye undiuze, ngolo ikadumpha, udzagwira ndi chiyani? Ndi mano?

"Kakang'onoka n'konyansa, nanenso ndikuona. Koma kadiso kake kamaona ponseponse, ndipo kugwedera sikakusamala kwenikweni. Umalowetsa dzanja mu lambayu, dzanja linalo n'kugwira ngolo. Ndakwera nako pa lole, pa bwato, ngakhale pa njinga ya moto. Pa chinthu chothamanga, mwananga, usayambe kufunsa kuti kamera iti imaona bwino. Uyambe wafunsa kuti iti ikusiyira dzanja."

Mawu omveka ngati amenewo ngakhale mbuzi ikanagwedeza mutu. Koma kumbuyo kwathu kunali atsikana a ku Mlolo, atavala madilesi a Lamulungu, akuloza chachikulu chija ndi kunong'onezana. Ndinaona khosi la Yoweli likutalika.

"Bambo, ndikanyamula kakang'onoka, anthu adziwa bwanji kuti ndikujambula?"

A Sakala anamutembenukira.

"Ukufuna anthu aone chithunzi, kapena aone iwe?"

"Zonse ziwiri, bambo. Miyendoyo ndimanga ndi luzi. Sigwedera ayi."

"Ndati usankha wekha," anatero a Sakala, akupukuta nkhope ndi kansalu. "Munthu amene ndikufuna kumuphunzitsa ndiyenera ndione mmene amasankhira."

Yoweli anakumbatira yaikulu ija. Atsikana anati, "Eee!" Ine ndinati, "Mayo."

3. Za Zakeyu

Yoweli anasankhanso ngolo ya Zakeyu, mkamwini wa m'mudzi mwathu, poti ng'ombe zake, Kaputeni ndi Jamani, ndizo zinali zaliwiro m'dera lonse. Anaganiza kuti akakhala patsogolo, atafulatira woyendetsa, ajambula ngolo zonse zikumuthamangira. Pamenepo anaganiza bwino, ndisamunamizire.

Ndinamupeza kuseri kwa sukulu akumanga miyendo ija ndi luzi, thukuta lili kamukamu.

"Iwe Yoweli, tabwera kuno."

"Azakhali, ndili pa ntchito."

"Ntchito! Wayamba liti kudziwa dzina lake? Khala pamenepo, ndiyankhula uli chimangire.

"Za makina ako ine sindidziwa. Koma Zakeyu ndimamudziwa. Ngolo iyi si yake, ng'ombe izi si zake. Ndi za apongozi ake, a Nambewe, amake a Elinata. Iye wangolowa kumene chikamwini, mafuta a ukwati sanaume n'komwe. Ndipo ukudziwa mwambo wathu: mkamwini sakumana maso ndi maso ndi apongozi ake aakazi. Akawaona akubwera, amapatuka n'kulowa kutchire mpaka adutse.

"Akamwini ena amapatuka mwaulemu, pang'ono chabe, n'kuwomba m'manja. Koma uyu! Mwezi wathawu anawaona akuchokera kuchitsime, iye n'kudumphira m'khola la nkhumba za a Ezara. Tsiku lina ananyamula denga la nkhokwe ndi anzake, a Nambewe n'kutulukira pakona. Analisiya dengalo m'malere, anzake n'kutsala atavindikiridwa ngati anapiye. Munthu ameneyu akaona duku la apongozi, mutu umachoka. Ndiye iwe ukufuna kuima kumbuyo kwake, utamufulatira, manja onse awiri ali pa chinyanga chakocho? Tenga kakang'ono kaja. Kapena kwera ngolo ya mbeta, yopanda apongozi."

Yoweli anaseka mpaka luzi linamupulumuka.

"Azakhali, inu chilichonse ndi nthabwala. Uwu ndi mpikisano, si ulendo wa kuchitsime. A Nambewe akhala ndi azimayi anzawo pabwalo."

Zakeyu, amene ankamanga goli, anamva dzina lija n'kutembenuka msangamsanga.

"Ali kuti?"

"Kulibe, achimwene, mangani goli," anatero Yoweli.

"Waona?" ndinatero ine. "Dzina lokha!"

"Azakhali, pitani mukapeze malo abwino oonerera. Mukaone mwana wanu akujambula bayisikopo."

Vuto la munthu woseketsa ndi limeneli. Tsiku limene wanena zoona, anthu amadikira poti asekere. Ndinakwinda nsalu yanga n'kupita kukakwera pachulu cha pafupi ndi mkuyu, pamene ngolo zinkayenera kukhotera pobwerera kubwalo.

4. Duku lofiira

Aphunzitsi aakulu analiza wenzulo, ndipo fumbi linati kobo!

Ana inu, ng'ombe imene mumaiona ikulima mwaulesi si imene imathamanga pa mpikisano. Zikwapu zinkalira, mikombero ili gudugudu, anyamata akukuwa mayina a ng'ombe zawo. Kaputeni ndi Jamani anatsogola asanafike ndi pa mjigo pomwe. Kumbuyo kwa ngolo kunali Yoweli, ataima tang'a, diso lake pa kamera, chipewa chitapita kale ndi mphepo.

Chinyanga chija chinkaloza kumwamba, kenako pansi, kenako kumwamba. Ndikhulupirira kuti akhwangwala a ku Zingalume sanajambulidwepo bwino chotere.

Ndili pachulu paja ndinamva munthu akupuma mwabefu kumbuyo kwanga. Potembenuka, a Nambewe! Duku lofiira latsopano, nsalu yatsopano, mikanda m'khosi, nkhope ili nyezinyezi ndi mafuta a nsatsi.

"A Nambewe, mukupita kuti?"

"Ndamva kuti chojambulira chili pa ngolo yanga."

"Ndiye?"

"Ngolo yanga, ng'ombe zanga, za m'khola langa ndekha. Ndiye m'bayisikopo muoneke ng'ombe, mwini wake ayi? Pabwalo paja anthu achuluka, ndingabisike. Ndikaima panjira apo ndekha."

"Imani pambali ndiye! Khalani pachulu pano!"

"Pambali chindiona bwanji?"

Anatsika n'kukaima pakati penipeni pa njira, manja m'chiuno, chibwano m'mwamba.

Ndinakuwa. Ndinakupiza nsalu. Ndinaitana Yoweli, ndinaitana Zakeyu, ndinaitana ndi Kaputeni yemwe. Phokoso la ngolo linameza zonse.

Zakeyu anatulukira pa mkuyu ali chiimire, chikwapu m'mwamba, pakamwa pali mwee ndi chimwemwe cha wopambana. Kenaka anaona duku.

Malo odutsa analipo, ndikuuzeni. Njira inali yotakata, akanatha kulambalala. Koma kulambalala ndiye kuti adutse pafupi, maso ndi maso, fumbi lake n'kuwathira apongozi. Mwana wa ulemu uja anavula chipewa, n'kutembenuzira nkhope kumbali, n'kukoka chingwe ndi mphamvu zake zonse. Ng'ombe zinasiya njira n'kulowa m'munda mmene tinali titakumba mtedza.

Mizere ya mtedza mumaidziwa. Ngolo inaidula chopingasa.

Mzere woyamba, ngolo inadumpha. Wachiwiri, luzi linati thapu! Wachitatu, ndinaona Yoweli ali m'malere, atakumbatira kamera ngati mwana wakhanda, miyendo yake iwiri ndi ya kamera itatu zonse zikupalasa mphepo. Dzanja logwirira ngolo analibe. Anakagwera pa mulu wa masamba ouma a mtedza, phu!

Ngolo zina zinadutsa, a Nambewe akuzithawa chokuwa. Ya Zakeyu inakaima yokha kumapeto kwa munda, yopanda woyendetsa. Zakeyu ndinangoona msana wake ukulowa m'bango la kudambo.

5. Chitseko

Woyamba kufika pa mulu paja ndinali ine.

"Wafa?"

"Ayi, azakhali."

"Wathyoka?"

"Ayi."

"Ndiye dikira ndikuthyole ine."

Koma nditaona nkhope yake ndinaleka. Pambali pa kamera panali kachitseko, ndipo kanali katatseguka. Filimu inali itatuluka, ili lendelende padzuwa ngati matumbo a nkhuku. Yoweli anaibwezera m'kati msangamsanga, n'kutseka kachitseko, kwapu. Kenaka anandiyang'ana.

"Azakhali..."

"Usanditchule. Ine ndi wa nthabwala."

Anthu anafika chigulu, atsikana a ku Mlolo ali patsogolo, akuseka mogwira nthiti. Pambuyo pake a Sakala anafika, dzanja lili pamsana. Anatenga kamera, naitembenuza uku ndi uku. Mwendo umodzi unali utathyoka. Anapukuta diso lija ndi kansalu, naliyang'anitsitsa, napumira m'mwamba.

"Mwendo ndi mtengo, mmisiri asema wina. Diso lapulumuka. Tsono ndikufunsa chinthu chimodzi, ndipo uganize usanayankhe. Kachitseko aka kanatseguka? Filimu imadana ndi kuwala. Dzuwa likangoiona, zonse zimene wajambula zafufutika. Ine sindingadziwe lero. Filimu imakatsukidwa kutali, ndipo yankho limabwera patapita milungu. Ukati sikanatseguke, ndikhulupirira, mawa ukwera lole."

Anthu onse anatembenukira kwa Yoweli.

Yoweli anayang'ana kamera. Anayang'ana kumene kunali lole. Kenaka anayang'ana ine. Ine ndinayamba kuchotsa chisoso pa nsalu yanga, kamodzikamodzi, ngati ndilibe ntchito ina padziko. Pakamwa pankandiyabwa, koma mlandu sunali wanga.

"Kanali... kanali kotseka pamene munafika, bambo."

"Sindinafunse zimenezo."

Mwanayo anasiya kundiyang'ana.

"Kanatseguka. Filimu inatuluka panja. Ndinaibwezera ndine."

A Sakala anakhala pansi pa mzere, munthu wamkulu, buluku lake loyera. Anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Filimu yathunthu! Ndinakuuza chiyani pansi pa mango paja? Ndinayankhula Chizungu kodi? Ndinati dzanja, dzanja, dzanja! Mayi, mwana ameneyu mumakhala naye bwanji?"

"Timangopemphera, bambo," ndinatero.

"Ndakhala ndi anyamata ambiri," anapitiriza a Sakala. "Wogwetsa kamera ndingamuphunzitse kugwira. Wonama sindingamuphunzitse kanthu, chifukwa ntchito yathu imaoneka mochedwa, ndipo ndiyenera kudalira pakamwa pa munthu. Pamenepo wakhoza. Koma chilungamo sindingakachionetse pa nsalu ku Mlolo. Ndinati chithunzi, ndipo chithunzi palibe."

Yoweli anagwada, manja pamodzi. Aka kanali koyamba kumuona atagwada popanda womukankha.

"Bambo, mpikisano wotsiriza sunachitike."

A Sakala anavula kakamera konyansa kaja paphewa.

"Muli filimu pang'ono, imene ndinasungira kujambula opambana akulandira makasu awo. Ikatha imeneyi, yatha. Ukabwera wopanda kanthu, usadzandipatsenso moni."

Yoweli analandira ndi manja awiri. Sanayang'ane n'komwe kumene kunali atsikana.

6. Woyendetsa

Tinabwerera kubwalo, ng'ombe za a Nambewe zikukokedwa pambuyo. Yoweli anathamangira kwa oyendetsa ngolo amene anatsala mu mpikisano.

Woyamba anakana. "Iwe uli ndi tsoka, mphwanga. Pita uko."

Wachiwiri anati ngolo yake yadzaza, chikhalirecho munalibe ndi nkhuku yomwe.

Wachitatu anayamba wafunsa kuti, "Kodi chojambuliracho chimaitana apongozi?" Atatero anakwapula ng'ombe zake n'kusuntha.

Anatuma ana kukaitana Zakeyu kudambo. Anabwerako ndi uthenga wakuti munthuyo ali m'bango, madzi akumulekeza m'chiuno, ndipo akuti atuluka dzuwa likalowa, kapena chaka chamawa.

Ngolo zinayamba kundanda pa mzere. Yoweli anaima pafupi ndi Kaputeni ndi Jamani, kakamera kali m'manja. Ng'ombe zinalipo, ngolo inalipo, alangizi anali atalola kuti ithamangenso poti inapatutsidwa ndi munthu. Chosowa chinali woyendetsa.

"Azakhali, nditani?"

"Lero ukundifunsa ine?"

Ndisanapitirize, munthu anadutsa pakati pathu n'kutola chikwapu chimene chinali m'ngolo. Anali Elinata, mkazi wa Zakeyu, mtsikana wofatsa amene mawu ake sitinkawamva ngakhale kutchalitchi. Anamanga nsalu yake zolimba m'chiuno, naponda pa mkombero, nakwera.

"Ng'ombe izi ndinaziweta ndine zili ana," anatero. "Amuna anga anazipeza. Kwera, Yoweli."

"Elinata!" anakuwa a Nambewe, duku lili pambali. "Tsika pamenepo! Unaona kuti mkazi akuthamangitsa ngolo pamaso pa anthu?"

"Amayi, mukafuna kaimeninso panjira," anayankha Elinata, osakweza mawu. "Koma mudziwe kuti ine si mkamwini wanu. Sindipatuka."

Yoweli anakwera. Analowetsa dzanja lamanja mu lamba, lamanzere n'kugwira thabwa la ngolo zolimba.

Pamenepo ndinaona mlangizi wamkulu akubwera chothamanga kuchokera ku misasa ya chimanga, akukupiza manja ndi kukuwa kuti mkazi saloledwa, ngolo imeneyo ichoke pa mzere. Koma aphunzitsi aakulu anali ogontha khutu limodzi, ndipo mlangiziyo ankachokera mbali ya khutu lomwelo.

Wenzulo anali kale pakamwa.